Mwezi wa Karkidakam: Kodi Buku Lithandiza Munthu Wanjala?

Alipo masiku ena pa moyo wa munthu pamene manja ake akhala ngati omangidwa. Mbewu anafesa kale, koma nthawi ya kukolola sinafike. Chakudya cha chaka chatha chiri kutha, ganyu saoneka, ndipo kunja mvula iri kugwa usana ndi usiku. Angakhale munthu wakhama kopambana sangathe kufulumiza mbewu kuti ziche. Nanga munthu ayenera kuchita chiyani ndi masiku otere? Kodi angogona ndi kudikira? Kapena chiripo chinthu chabwino chimene chingatuluke m'nthawi ya kusowa?

Funso limeneli ndi lakale lomwe, ndipo mitundu ya anthu yaliyankha mosiyanasiyana. M'kabuku kano tiona yankho la anthu a ku Kerala, m'dziko la India, ndipo tiliyesa kuti tione ngati liri loona.

Dziko lake ndi miyezi yake

Kerala ndi dziko lalitali koma lopapatiza, kumwera chakumadzulo kwa India. Mbali imodzi kuli nyanja yamchere, mbali inayo kuli mapiri aatali otchedwa Western Ghats. Anthu ake alankhula chinenero cha Malayalam, ndipo pa kalembera wa chaka cha 2011 anapezeka oposa 33 miliyoni. Oposa theka ndiwo Ahindu. Otsalawo ndiwo Asilamu ndi Akhristu. Chakudya chao chenicheni ndi mpunga ndi nsomba, ndipo mitengo ya ngole, imene ena ati kokonati, iri paliponse.

Anthuwa ali nako kawerengedwe kaokao ka zaka, kamene kanayamba m'chaka cha 825. Chotero pamene ife tinali mu Ogasiti wa 2024, iwo anali kulowa m'chaka chao cha 1200. Miyezi yao iri 12, ndipo aiwerenga poyang'ana ulendo wa dzuwa pakati pa magulu a nyenyezi. Mwezi woyamba ndiwo Chingam. Wotsiriza ndiwo Karkidakam, ndiko kunena kuti nkhanu, pakuti dzuwa likhala liri pa gulu la nyenyezi limene akale analifanizira ndi nkhanu. Mwezi umenewu uyamba pakati pa Julayi nutha pakati pa Ogasiti.

Mvula yaikulu ifika ku Kerala chakumayambiriro kwa Juni, yochokera kunyanja. Ikagunda mapiri aja ikhuthuka yonse, ndipo mitsinje 44 ya dzikolo idzala. Pofika Karkidakam nthaka yakhuta kale madzi, koma mitambo siileka.

Mwezi wa kusowa

Masiku akale mwezi umenewu unali woopsa. Mpunga wa chaka chatha unali utatha, wa chaka chino unali usanache. Antchito a m'minda, amene analandira malipiro ao tsiku ndi tsiku, anakhala pansi opanda ntchito. Asodzi sanathe kulowa m'nyanja chifukwa cha namondwe. Madenga a masamba a ngole anadontha, nkhuni zinanyowa, ndipo malungo ndi matenda a m'mimba anayendayenda m'midzi. Chifukwa chake anthu anautcha panja masam, ndiko kuti mwezi wa njala. Ali nawonso mwambi wonena kuti Karkidakam akapita, mavuto apita naye. Kufikira lero Ahindu ambiri sachita ukwati, ndiponso salowa m'nyumba yatsopano, m'mwezi umenewu.

Nthawi zina madzi anaposa muyeso. Mu Julayi wa 1924 kunagwa chigumula chimene chinamiza midzi yambiri ndi kukokolola njanji ya ku mapiri a Munnar. Popeza chinali chaka chao cha 1099, anthu achikumbukabe ndi dzina lakuti chigumula cha 99.

Tsono chodabwitsa ndi ichi: mwezi womwewo wa njala ndiwo umene Ahindu a ku Kerala auyesa wopatulika, nautcha mwezi wa Ramayana. Tiyeni tione zimene achita.

Zimene achita m'mwezi umenewu

Madzulo a tsiku lotsiriza mwezi usanalowe, m'mabanja osunga mwambo asesa nyumba yonse ndi bwalo lomwe. Zinyalala aziika m'lichero lakutha kapena m'phale pamodzi ndi tsache lakale, ndipo munthu mmodzi apita nazo kukataya kutali ndi nyumba. Otsala afuula kuti Chetta, mzimu wa uve ndi tsoka, atuluke, ndi kuti Sheepothi, mwini madalitso, alowe. Chotero mwezi wa matope uyamba ndi nyumba yoyera.

Kuyambira tsiku loyamba, dzuwa likalowa, ayatsa nyale yamkuwa ya mafuta. Banja likhala pansi mozungulira, ndipo mmodzi, kawirikawiri agogo, atsegula buku nawerenga mokweza, mau ake alikuyenda ngati nyimbo. Awerenga chigawo chimodzi tsiku liri lonse, kuti pakutha pa mwezi buku lonse likhale litatha. Bukulo ndi Adhyatma Ramayanam Kilippattu, limene analemba Thunchaththu Ezhuthachan wa ku Tirur m'zaka za m'ma 1500. Nkhani ya Rama inalipo kale m'chinenero cha Sanskrit, chimene anachidziwa ndi ansembe ndi ophunzira okha. Ezhuthachan anaiika m'chinenero cha anthu wamba, naisimba ngati kuti iri kutuluka pakamwa pa mbalame ya chinkhwe. Chifukwa cha ntchito imeneyi amutcha tate wa chinenero cha Malayalam, ndipo dzina lakelo litanthauza tate wa zolemba.

Pa tsiku limene mwezi wakumwamba uli kumdima, anthu zikwizikwi atsikira kumadzi mbandakucha kukakumbuka makolo ao akufa. Mwambowu ndiwo Karkidaka Vavu. Ena apita ku gombe la Varkala, ena ku mtsinje wa Periyar pa Aluva, ena ku Thirunavaya, ena ku Thirunelli m'kati mwa mapiri. Munthu asamba, naika mpunga wophika ndi chitowe pa tsamba la nthochi, natchula abale ake amene anatsogola. Atatero aomba m'manja monyowa kuitana akhwangwala, ndipo khwangwala akadya mpungawo, mtima wa munthu ukhala pansi.

Thupi nalonso saliiwala. Aphika phala la mpunga wa mtundu wa njavara, nathiramo mkaka wa ngole, jinja wouma ndi mankhwala a m'thengo, pokhulupirira kuti lilimbitsa munthu pa nyengo ya chinyezi. Atchera ndiwo za masamba khumi, pakati pake pali nkhwani, chitambe ndi bonongwe. Ku kachisi wa Vadakkunnathan mu mzinda wa Thrissur, angakhale njovu zilandira phwando lao pa tsiku loyamba la mweziwo.

Chakumapeto kuli mwambo wa Illam Nira, ndiko kudzaza nyumba. Atenga ngala zoyamba za mpunga, nalowa nazo m'nyumba ndi ulemu, nazipachika pakhomo ndi pa nkhokwe. Nkhokweyo ikali yopanda kanthu, koma ngala zija zichitira umboni kuti dzinthu ziri pafupi.

Mau a wotsutsa

Pano sitiri kufunsa ngati milungu ya Ahindu iri yoona. Chimenecho munthu aliyense achiyankha monga mwa chipembedzo chake. Funso lathu ndi lina. Kodi anthuwa anachita mwanzeru posandutsa mwezi wa njala kukhala mwezi wa kuwerenga ndi kupemphera?

Munthu wina angathe kukana, ndipo tiyenera kumumvera bwino, pakuti mau ake ali ndi mphamvu. Iye ati: "Buku silidyedwa. Mwana wolira ndi njala satonthola chifukwa agogo ake ali kuimba za Rama. Ndiponso tandiuzani, anali kuwerengawo anali ayani? Kodi si eni minda, amene nkhokwe zao zinali zodzala ndi mpunga wolimidwa ndi anthu ena? Wantchito amene anali ndi njala yeniyeni analibe buku, analibe nyale yamkuwa, ndipo sanadziwe ngakhale chilembo chimodzi."

Zimenezi ziri zoona, ndipo sitingazibise. Ku Kerala anthu anagawidwa m'magulu monga mwa kubadwa kwao, ena apamwamba, ena apansi. A fuko la Pulaya, amene analima mpunga wa dziko lonse, anagulidwa ndi kugulitsidwa monga akapolo kufikira ukapolo unathetsedwa mu ufumu wa Travancore m'chaka cha 1855. Angakhale pambuyo pake sanaloledwe kuyenda m'misewu ina, kapena kulowa m'sukulu, kapena kuyandikira kachisi. Zitseko za akachisi a Travancore zinatsegukira anthu onse m'chaka cha 1936.

Wotsutsa uja apitiriza nati: "Choopsa chachikulu ndi ichi, kuti mukatcha njala dzina lopatulika, anthu aleka kufunsa kumene ichokera. Wosauka ayesa kuti kuvutika kwake kunalembedwa kumwamba, ndipo wolemera agona tulo tabwino poganiza kuti wachita mbali yake popeza wawerenga buku."

Mau amenewa atiphunzitsa kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene kawirikawiri tizisokoneza. Mvula ichokera kumwamba, ndipo palibe munthu angailetse. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mpunga sungamere popanda madzi omwewo amene agwetsa nyumba. Koma kuti banja lina lidye katatu pamene banja loyandikana nalo ligona ndi njala, chimenecho sichichokera ku mitambo. Anachikonza ndi anthu, ndipo anthu angathe kuchikonzanso. Munthu wopirira mvula ali ndi nzeru. Koma wouza mnzake kuti apirire chosalungama, pamene iye mwini ali kudya, ameneyo ali kunyenga, angakhale atagwira buku lopatulika m'manja.

Mau oyankha

Komabe nkhani siithera pamenepo. Tiyeni tiganizire chimene njala ichita m'nyumba. Iononga thupi, inde, koma iononganso mtima. Bambo wokhala pansi tsiku lonse wopanda ntchito apsa mtima msanga. Mwamuna ndi mkazi ayambana pa kanthu kachabe. Mbale ayamba kuwerenga nthongo zimene mbale wake wameza. Mabanja ambiri amene anapulumuka njala anatuluka m'menemo atadana, ndipo chidanicho chinakhala zaka zambiri nkhokwe zitadzalanso. Tsono chinthu chimene chisonkhanitsa banja pa malo amodzi madzulo ali onse, ndi kupatsa tsiku lopanda ntchito chiyambi ndi mathero ake, sitingachiyese chachabe. Munthu wodziwa kuti lero tawerenga chigawo chakuti, mawa tiwerenga chakuti, aona kuti masiku ali kuyenda, ndi kuti buku likadzatha mwezinso udzakhala utatha.

Tionenso nkhani imene anasankha. Rama anali mwana woyamba wa Dasharatha, mfumu ya ku Ayodhya. Tsiku la kulowa ufumu litayandikira, mkazi wina wa mfumu, Kaikeyi, anakumbutsa mwamuna wake lonjezo lakale, napempha kuti ufumu upite kwa mwana wake Bharata, ndi kuti Rama akakhale kunkhalango zaka 14. Rama anavomera kuti mau a atate wake asagwe pansi, napita pamodzi ndi mkazi wake Sita ndi mphwake Lakshmana. Kumeneko Ravana, mfumu ya ku Lanka, anaba Sita. Ndipo taonani, pamene Rama anapeza abwenzi omuthandiza kufunafuna mkazi wake, mvula inayamba, njira zonse zinatsekeka, ndipo anakhala pa phiri miyezi ya dzinja wosatha kuchita kanthu. Munthu wa ku Kerala, pomva zimenezi mvula iri kulira padenga pake, azindikira kuti angakhale mwana wa mfumu anamangidwapo manja ndi nyengo, ndipo sanataye mtima.

Koma m'nkhani yomweyo muli mau olasa wolemera. Bharata, amene anapatsidwa ufumu, anaukana popeza sunali wake. Anatsata mkulu wake kunkhalango kukamupempha kuti abwerere. Rama atakana, Bharata anatenga nkhwayira zake naziika pa mpando wachifumu, ndipo iye anayang'anira dziko monga wosungira mwini, nadzikaniza zokoma za kunyumba ya mfumu zaka zonse 14. Mwini nkhokwe amene awerenga za Bharata ndi kutsekabe chitseko chake pamaso pa wantchito wanjala, mlandu wake suli pa buku. Buku linamuuza, iye sanamve.

Ndipo ngati tifuna kudziwa mtengo wa kuwerenga, tifunse osauka eni ake. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 kunali mtsogoleri wa fuko la Pulaya, dzina lake Ayyankali, amene anabadwa m'chaka cha 1863. Pamene ana a fuko lake anakanizidwa kulowa m'sukulu, iye anauza eni minda kuti ngati anawo saphunzira, minda idzamera udzu. Antchito anaika makasu pansi miyezi yambiri. Anthu amenewa anaidziwa njala kuposa wina aliyense, komabe anasankha kuonjezera njala yao kuti ana ao adziwe zilembo. Iwo sananene kuti buku silidyedwa. Anaona kuti munthu wosawerenga anyengedwa pa muyeso wa mpunga, pa ngongole ndi pa malire a munda, ndi kuti njala yake ichokera pamenepo.

Chotero wotsutsa uja ananena zoona kuti osauka analibe buku. Koma mankhwala a nthenda imeneyo ndiwo kuwapatsa buku ndi mpunga womwe. Kulanda buku m'manja mwa onse sikukadadzaza mbale ya munthu ndi mmodzi yemwe.

Zimene zachitika pambuyo pake

Anthu a ku Kerala anayenda njira zonse ziwiri. Dziko lao linalumikizidwa kukhala chigawo chimodzi cha India pa 1 Novembala 1956. Lamulo la malo limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1970 linapatsa alimi obwereka minda umwini wa minda imene anali kulima, ndipo antchito ambiri analandira kamalo kamene panali nyumba zao. Boma linatsegula masitolo ogulitsa mpunga pa mtengo wotsika, ndipo ana alandira chakudya kusukulu. M'midzi munamangidwa nyumba zowerengeramo mabuku zikwi zambiri. Pa 18 Epulo 1991, mu mzinda wa Kozhikode, analengeza kuti pafupifupi anthu onse a dzikolo adziwa kuwerenga, ndipo amene anawerenga mau a chilengezocho pamaso pa khamu anali Chelakkodan Ayisha, mai wa Chisilamu amene anaphunzira zilembo ali wachikulire.

Lero Karkidakam sali mwezi wa njala monga kale. Koma madzi sanaleke kuopsa. Mu Ogasiti wa 2018, masiku otsiriza a mweziwo, kunagwa chigumula chachikulu chimene chinapha anthu oposa 400, ndipo oposa miliyoni imodzi anathawira m'misasa. Pa 30 Julayi 2024 phiri linagumuka ku Wayanad nilikwirira midzi ya Mundakkai ndi Chooralmala, ndipo anafa anthu oposa 200.

Pa chigumula cha 2018 panaoneka chinthu choyenera kuchikumbuka. Asodzi a m'mbali mwa nyanja, anthu osauka, ambiri a iwo Akhristu ndi Asilamu, anakweza mabwato ao pa malole napita nawo kumtunda. Anapalasa m'misewu imene inasanduka mitsinje, natsitsa anthu zikwi zambiri pa madenga a nyumba, osafunsa fuko kapena chipembedzo cha munthu. Ambiri a asodziwa sawerenga Ramayana, koma anachita chimene bukulo liyamikira. Boma linaimitsa zikondwerero zake za Onam chaka chimenecho, ndalama zake nizipita kwa ovutika. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, pakuti mawa adzazima zako.

Chilipo choopsa china chatsopano. Popeza njala yachepa, mwambo ungathe kutsala khungu lokha. Phala lija ligulitsidwa tsopano m'mapaketi m'masitolo, ndipo nyumba za alendo ziitana olemera kudzadzozedwa mafuta a mankhwala pa mtengo wokwera. Zimenezi siziri zoipa pa zokha. Koma munthu wokhuta amene asunga mwezi wa njala ali ndi ngongole yaikulu koposa makolo ake, pakuti iye ali nacho chogawira ena. Akayatsa nyale ayenera kudzifunsa kuti ndani m'mudzi muno amene denga lake liri kudontha usiku uno.

Yankho lathu

Tsono tibwerere ku funso lija. Kodi buku lithandiza munthu wanjala? Ngati liikidwa m'malo mwa chakudya chimene munthuyo anayenera kulandira, limupweteka. Koma ngati lisunga mtima wake kufikira dzinthu zitacha, ndi kumutsegula maso kuti aone chimene chingakonzedwe, ndi kufewetsa dzanja la mnansi wake wokhala nazo, pamenepo lamuthandiza ndithu. Nyengo ya kusowa siiri yabwino, ndipo tisaikometsere ndi mau okoma. Koma popeza ifika ndithu, tifuna tisafune, kuli bwino kuti itipeze tiri pamodzi, nyumba yosesedwa, tikukumbuka amene anatitsogolera, ndi kuyang'anira amene ali ofooka pakati pathu.

Inu amene muli kuwerenga kabuku kano, kapena mwaphunzira zilembo tsitsi litayamba kale kuyera. Kapena anzanu anakusekani nati, kodi sukulu idzakupatsa nsima? Kumbukani antchito aja amene anaika makasu pansi chifukwa cha ana ao. Ndipo masiku a kudikira akadzafika pakhomo panu, monga afikira munthu aliyense, sonkhanitsani a m'nyumba mwanu madzulo, muwawerengere chimene muli nacho, angakhale mutawerenga mojejema.

Ku Kerala, tsamba lotsiriza likawerengedwa, Rama wabwerera kwao ndipo Bharata wabweza ufumu kwa mwini wake. M'mawa mwake ulowa mwezi wa Chingam, chaka chatsopano chiyamba, mitambo iyamba kung'ambika, ndipo ana atuluka kukathyola maluwa a chikondwerero cha Onam.